Galimoto Yomwe Wamtali Anandipezera

Amayi anga amadana ndi zinthu ziwiri pa moyo wanga, ndipo Loweruka limenelo ndinatuluka m'nyumba kukafuna chimodzi nditatsagana ndi chinacho. Choyamba ndi galimoto. Chachiwiri ndi mwamuna yemwe ndimamutchula kuti Wamtali.

Dzinali ndinamupatsa tsiku lomwe anabwera kudzakonza magetsi kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ya unamwino, nditamuona akusintha babu osakwera pampando. Iye amanditchula kuti a Nesi, ngakhale tikhale awiriwiri. Ndi bambo wofedwa, wa mwana mmodzi, kamtsikana ka zaka zisanu komwe aliyense amakaitana kuti Gulugufe chifukwa sikakhazikika malo amodzi. Za mkazi wake ndinkangodziwa kuti anadwala kanthawi kochepa n'kutsikira kulichete. Ndikafunsa zambiri, Wamtali ankayang'ana nsapato zake mpaka ine ndisinthe nkhani. Ndinkamukonda kwambiri, ndipo ndinkadikira tsiku lomwe adzanene za ukwati mosazungulira.

"Iyi ndi mwana, achemwali," anatero wogulitsa magalimoto uku akusisita denga la ina yoyera. "Inali ya bwana wina wake, ankangoisunga m'galaja."

Mwezi umenewo tinali titaona magalimoto ambirimbiri a bwana ameneyu. Galaja yake iyenera kuti inali yaikulu kuposa chipatala chathu.

Wamtali anaika dzanja pa boneti, n'kundikodola kuti nane ndigwire. Panali pofunda.

"Mwailiziranji ife tisanafike?" anafunsa.

"Kungoidzutsa, bwana."

"Ife timafuna tiione ikudzuka yokha." Anatembenukira kwa ine. "Galimoto yakale ili ngati munthu, a Nesi. Ukafuna kumudziwa, um'peze m'mawa asanasukusule."

"Ndiye kuti iweyo sindikukudziwa," ndinatero. "Nthawi zonse ndimakupeza utasamba kale."

Anaseka, n'kugwada kusuzumira kunsi kwa galimotoyo. Anatulukako ndi chala chakuda ndi oyilo. Wogulitsa uja anayamba kufotokoza kuti oyiloyo ndi wa galimoto ina yomwe inaima pamenepo dzulo, koma ife tinali titafika kale pageti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zofuna zanga sizinali zambiri. Ndinkafuna galimoto yotsika mtengo, yosamwa mafuta ngati chidakwa, yosandigonetsa kwa makaniko sabata iliyonse, ndiponso yokoma kuyendetsa. Pomalizapa m'pomwe panali povuta. Malemu bambo anga anandiphunzitsa kuyendetsa pa galimoto yawo yogulitsira buledi, ya magiya olimba ngati chitseko cha ndende, ndipo kuyambira pamenepo otomatiki imandigonetsa tulo. Ndimafuna dzanja lizigwira giya, mwendo uziponda kilatchi, galimoto izimva kuti mwakwera munthu.

"Ukusankha kwambiri," anatero Wamtali tikudikira basi.

"Ndikanapanda kusankha, bwenzi ndili ndi wamfupi."

* * *

Ndinapeza amayi akusita zovala pabalaza.

"Wabwera wapansi?"

"Sitinaipeze."

"Ambuye ndi abwino." Anatembenuza diresi. "Nanga chinacho wachisiya kuti?"

"Amayi, ali ndi dzina."

"Wamagetsi wakoyo. Ine munthuyo sindimuda ayi. Ndi waulemu, samwa, moni wake ndi wabwino. Koma tamvera, mwana wanga. Mwamuna wofedwa si mwamuna wosudzulidwa. Wosudzulidwa amakwiya, ndipo mkwiyo umatha. Wofedwa amasunga."

"Papita zaka ziwiri."

"Bambo ako papita zingati? Jekete yawo ili kuti?"

Jeketeyo imakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo, ndipo palibe amene amaloledwa kuichapa.

"Mkazi mnzako wamoyo ungalimbane naye," anapitiriza. "Ungamupose kuphika, ungamupose kuvala, tsiku lina adzalakwa iwe n'kuoneka wabwino. Koma wakufa salakwa. Sapsereza ndiwo, sadzuka atakwiya, sakalamba. Udzalowa m'nyumba ija udzapeza muli kale mkazi, kungoti sudzamuona."

"Inuyo simunakwatiwenso, ndiye mukuganiza kuti aliyense ali ngati inu."

Mawuwo anatuluka ndisanawayeze. Amayi anaimika simbi, n'kundiyang'ana.

"Eya," anatero motsitsa. "N'chifukwa chake ndikudziwa."

Ndinalowa kuchipinda ndili ndi manyazi, komabe mtima wanga unali gwa. Ndinkati amayi akukamba za chisoni chawo, osati za Wamtali wanga.

* * *

Patapita masiku angapo, uthenga wa Wamtali unalowa pafoni yanga ndili pantchito.

"A Nesi, ndaipeza. Mawa m'mamawa. Ubwere ndi nsapato zafulati."

"Ya bwana uja?" ndinalemba.

"Ayi. Iyi bwana sanaionepo."

Kutacha tinakwera basi mpaka kumapeto kwa tauni, n'kuyenda pang'ono kukafika panyumba ya mpanda wa njerwa ndi mtengo wa mapeyala pakhomo. Anatitsegulira geti mayi wachitsikana wa msinkhu wanga, wokongola ndithu, wa zikhadabo zopaka zofiira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zanga zafulati.

"Awa ndi omwe akugulitsa," anatero Wamtali. "Awa ndi a Nesi."

"Mwadzuka bwanji?" anatero mayiyo. Iye ndi Wamtali anapatsana moni osayang'anana, koma ine ndinalibe nazo ntchito. Maso anga anali pa galaja yomwe inali kuseri kwa nyumba.

Mayiyo anatsegula loko, Wamtali n'kukoka chilona chomwe chinali chitafunditsidwa pa galimotoyo. Inali yaing'ono, yachikasu ngati nthochi yakupsa, ya nyali zozungulira. Ndinaikonda ndisanaigwire, koma ndinadzigwira, pakuti wogula akamwetulira mtengo umakwera. Ndinaika dzanja pa boneti: pozizira. Ndinagwada: simenti youma, popanda dontho la oyilo. Ndinakweza makapeti kufuna dzimbiri, osalipeza. Matayala onse anali odyeka mofanana. Oyilo pa kachitsulo koyezera anali woyera ngati uchi.

"Ilize," anatero Wamtali.

Ndinakhala pampando, n'kupotokola kiyi kamodzi kokha. Injini inadzuka ngati yakhala ikundidikira. Kumbuyo kunalibe utsi.

"Pitani mukaiyese," anatero mayi uja. "Msewu wa kuphiri ndi wabwino. Awo akuudziwa."

Wamtali anazungulira mbali ya wokwera. Chitseko cha uko sichinatseguke atakoka. Anachinyamula pang'ono, n'kuchikankha ndi bondo, chinati phwa, n'kutseguka. Anachita zimenezi osaganiza n'komwe, ngati momwe munthu amadumphira dzenje la pakhomo pake.

Titatuluka m'tauni ndinaiwala zonse. Abale inu, galimoto ija! Chiwongolero chinali chopepuka koma chomvera, ukangoganiza zokhota iyo yakhota kale. Pachitunda sinadandaule. Ndinatsitsa galasi, mphepo inalowa n'kundibalalitsa tsitsi, ndipo ndinamva ndikuseka ndekha ngati mwana wakwera katungwe. Bambo anga akanakhalapo bwenzi akumenya dashibodi ndi chimwemwe.

"Giya yachitatu usaikakamize," anatero Wamtali. "Uyambe wapumira pakati, kenako ilowa yokha."

Ndinali ndisanafike pa giya yachitatu. Nditafikapo ndinapumira pakati, inalowa yokha.

Tinadutsa mokhotakhota m'mbali mwa phiri, ine ndikusintha magiya, galimoto ikuimba. Ndinatembenuka kuti ndimuuze kuti ndi yomweyi, sitifunanso ina. Ndinapeza watsinzina, mutu atatsamiritsa kumbuyo, dzanja lake lili pamwamba pa mpando wanga. Pankhope pake panali mtendere womwe ndinali ndisanauonepo, ndipo misozi inali ikutsikira m'khutu.

Ndinachotsa phazi pamoto.

"Wamtali, galimoto ino unayamba wakweramo?"

Anatsegula maso, n'kupukuta nkhope ndi chikhatho.

"Ndi mphepoyi. Kweza galasi."

"Ndakufunsa."

"Magalimoto a mtundu uno amafanana onse, a Nesi. Ukadziwa imodzi wadziwa onse."

Ine ndi namwino. Misozi ya mphepo ndimaidziwa, ya ululu ndimaidziwanso. Koma ndinasankha kumukhulupirira, chifukwa galimotoyo ndinkaifuna, mwamunayo ndinkamufunanso.

* * *

Titabwerera, foni ya Wamtali inalira. Panyumba ina mawaya anali akutulutsa utsi, ankamufuna msanga.

"Tiye, a Nesi, za mtengo tidzakamba tsiku lina."

"Asiyeni amwe tiyi," anatero mayi uja. "Za mtengo tikamba tokha azimayi. Inu thamangani, nyumba ya eni ingapse."

Wamtali anaima pageti ngati wapondedwa phazi. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana ine, foni inaliranso, ndipo anapita.

Mayiyo anandikhazika pakhonde, n'kubwera ndi makapu awiri.

"Shuga ndithire wochuluka bwanji? Alamu amakonda wambiri, kaya inu."

"Alamu anu ndani?"

Anatsegula maso ngati wadabwa, koma kudabwa kwake kunali kokonzekera.

"Ii! Sanakuuzeni? Pepani, ndimayesa mukudziwa. Ine ndi mng'ono wa malemu mkazi wawo. Pano m'pa makolo athu. Galimoto ija inali ya achemwali anga."

Ndinaika kapu pansi.

"Anagulira limodzi atangokwatirana," anapitiriza, uku akutakasa tiyi wake pang'onopang'ono. "Achemwali ankakonda kuyendetsa, eee! Lamulungu lililonse msewu wa kuphiri uja, iwo pachiwongolero, alamu pambali. Chimwalirireni galimotoyo yakhala m'galajamo. Mukuganiza kuti batire likanakhala lamoyo bwanji? Alamu amabwera mwezi ndi mwezi kudzailiza, kusintha oyilo, kupopa matayala. Akamaliza amakhala m'katimo okha, atatseka zitseko. Ine ndimawapititsira tiyi pawindo."

"Nanga mukuigulitsiranji?"

"Amayi athu akaiona amadwala. Bambo anati ichoke. Anthu anabwera ndithu ofuna kugula, koma alamu ankakana onse. Ankati wogula adzam'peza okha." Anamwetulira. "Ndiye akupezani."

Ndinaimirira kuti ndizipita. Anandiperekeza mpaka pageti, mwaulemu wonse.

"Ndinakuonani mukukwera," anatero atagwira loko. "Mpando simunausunthe n'komwe. Galasi loonera kumbuyo simunalikhudze. Msinkhu wanu ndi wa achemwali anga ndendende. Ndiye ndimangodzifunsa ine, kuti alamu amafuna galimoto yoti ikukwaneni inu, kapena munthu woti aikwane galimotoyo?"

Anatseka geti mofatsa. Njira yonse yopita pokwerera basi ndinkayesa kukumbukira ngati ndinasuntha mpando. Sindinausunthe.

* * *

Mauthenga anayamba kubwera ndisanafike kunyumba.

"Mwakamba zotani?"

"A Nesi, yankha."

"Ndikudziwa zomwe wakuuza. Ndilole ndifotokoze ndekha."

"Chonde."

Ndinawawerenga onse, osayankha ndi umodzi womwe. Mawa lake nditaweruka ndinam'peza atakhala pabenchi ya panja pa chipatala, chikwama cha zipangizo chili pakati pa miyendo yake. Maso ake anali ofiira. Ndinakhala kumapeto kwa benchiyo, ndikusiya malo oti anthu awiri akanakhalapo pakati pathu.

"Ndinalakwa," anayamba. "Ndimayenera kukuuza."

"Munandinamiza ndikukuyang'anani m'maso. Magalimoto a mtundu uno amafanana onse."

"Ukunditchula inu tsopano?"

"Mlendo timam'tchula choncho."

Anaweramitsa mutu. "Tamvera. Mwezi wonse tazungulira, waona wekha zinyalala zomwe akugulitsa. Ine ndikudziwa galimoto imodzi yokha m'tauni muno yomwe ndingalumbirire kuti sidzakusiya panjira, chifukwa nati iliyonse ndinamanga ndi manja angawa. Ndi yotsika mtengo, simwa mafuta, ndipo unaikonda. Ndinakumva ukuseka. Ndikanakuuza poyamba, sukanakwera n'komwe."

"Ndiye munandisankhira."

"Sindikanatha kuiona ikuyendetsedwa ndi munthu wamba, atadzazamo matumba a simenti. Ndinati ikapita, ipite kwa munthu amene ndimam'konda. Ndinaganiza kuti tiyambe taisintha penti, tisanapite nayo kwina kulikonse, makamaka kunyumba kwanga, chifukwa..."

"Penti!" ndinam'dula. "Mukuganiza kuti vuto ndi penti? Nanenso mundipente, mwina ndifanane nawo bwino."

"A Nesi."

"Mlamu wanu uja amakufunani, mukudziwa? Amakupititsirani tiyi pawindo."

"Ameneyo ndi mwana. Kwa ine ndi mchemwali basi."

"Mwana wa zikhadabo zimene zija? Chabwino, tim'siye. Ndikufunsani funso limodzi, ndipo mukandinamizanso simudzandionanso. Kuphiri kuja, mutatsinzina, dzanja lili pampando wanga, munali ndi ndani?"

Ndinkafuna anene kuti ndi iwe. Akananama, ndikanam'khululukira bodzalo. Koma Wamtali anasankha tsiku limenelo kukhala woona mtima.

"Sindikudziwa," anatero. "Titanyamuka ndinali ndi iwe. Utaseka pokhota paja, sindikudziwa."

Palibe chinandipwetekapo ngati mawu amenewo. Ndinatenga chikwama changa n'kunyamuka, ndipo sananditsatire.

* * *

Amayi sananene kuti ndinakuuza. Ndikanakonda akananena, ndikanapeza wokangana naye. Anangondimvetsera mpaka kumapeto, n'kundisisita kumsana ngati ndili wakhanda.

"Zisiye zonse ziwiri," anatero. "Magalimoto ndi ambiri. Amuna nawonso alipo, ngakhale abwino ndi ochepa."

Ndinayesa. Sabata imeneyo ndinapita ndekha kukaona magalimoto ena. Ina inali ndi chiwongolero chonjenjemera, ina inkanunkha chinyontho, ina giya yake inkalira ngati mphero. Iliyonse ndinkaiyerekeza ndi yachikasu ija, ndipo mwamuna aliyense wokhala nane pafupi m'basi ndinkamuona kufupika. Uthenga wa Wamtali unkabwera umodzi patsiku, m'mawa: "Wadzuka bwanji, a Nesi?" Osaonjezera kanthu.

Kenako mkwiyo wanga unatembenuka. Ndinadzifunsa kuti ine, mwana wa bambo anga, ndikuthawa chiyani? Chitsulo? Malemuwo sanandilakwire. Anakonda mwamuna wabwino, anasankha galimoto yabwino, ndipo pa zonse ziwiri tinagwirizana. Wamtali sanandinamize kachiwiri pomwe bodza linali lapafupi. Ndinaganiza kuti mantha amenewa ndithana nawo ndekha, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndikatenge galimotoyo, ndikasunthe mpando ngakhale ukundikwana, ndikaime nayo pakhomo pake, ndimuuze kuti: ndi ine ndabwera, tsegula maso undione. Akandiona, tipitirira. Akapanda kundiona, ndidziwe lero.

Ndinaimbira mlamu uja foni, n'kumuuza kuti ndikufuna kuiyesanso ndekha.

"Palibe vuto," anatero mokoma. "Mupita nayo kuti?"

"Kwa alamu anu."

"Kunyumba kwawo?"

"Eya. Pali choletsa?"

"Ayi, ayi. Mwaganiza bwino kwambiri. Loweruka masana amakhala alipo. Ine ndikhala nditachokapo, koma makiyi ndiwasiyira bambo."

Kukoma mtima kumeneko kunayenera kundichenjeza. Koma munthu akapsa mtima samva fungo la utsi.

* * *

Bambo wachikulire wa imvi anandipatsa makiyi osanena zambiri. Nditailiza galimoto anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Ndinakankhira mpando kutsogolo mpaka mawondo anatsala pang'ono kugunda chiwongolero. Kunali kosakoma kuyendetsa choncho, koma ndinapirira.

Nyumba ya Wamtali ili kumapeto kwa kamsewu kafumbi, ya geti yachitsulo yotsika. Ndinali nditapitako kangapo, ndipo Gulugufe anali atazolowera kundikwera pamsana n'kumandipimitsa zidole zake zodwala. Ndinaima pageti, mawu anga onse ndili nawo okonzeka. Ndinaimba hutala kawiri.

Chitseko cha nyumba chinatseguka mwamphamvu. Sanatuluke Wamtali. Anatuluka Gulugufe, wopanda nsapato, tsitsi lomangidwa mbali imodzi, akuthamanga ngati wamera mapiko.

"Amami! Amami abwera! Adadi, amami abwera!"

Anakankha geti ndi thupi lonse, anazungulira galimoto, n'kudzakakamira chitseko cha mbali yanga, akudumphadumpha kuti aone pawindo. Nkhope yake inali ikuwala. Ndinatsegula chitseko chifukwa ndinasowa chochita.

Anandiyang'ana. Anasuzumira mpando wa pambali. Anakwera pamiyendo panga n'kusuzumira kumbuyo, mpaka pansi pa mipando.

"Anti," anatero, "amami mwawasiya kuti?"

Anapitiriza yekha:

"Agogo anati amami anapita ulendo pa galimoto yawo. Anati galimoto ikadzabwera, amami abwera. Yabwera. Nanga amami?"

Apa m'pomwe ndinamvetsa za penti ija, ndi mawu omwe sindinamulole Wamtali kuwamaliza. Mwanayu sanauzidwe. Zaka ziwiri zonsezi wakhala akutchera khutu kumsewu, ndipo ine ndi nzeru zanga ndinabwera kudzamuimbira hutala pageti.

Wamtali anatuluka akuthamanga, sopo ali m'manja. Ataona galimotoyo anaima chilili. Gulugufe anatsika pamiyendo panga n'kuyamba kulira kulira komwe sindinakumvepo ngakhale kuchipatala, kochokera pansi pa mimba. Ndinatambasula manja kuti ndimunyamule. Anandimenya dzanja.

"Bwera kuno, mwana wanga, bwera kwa amayi aang'ono."

Anali mlamu uja. Anatuluka m'nyumbamo atamanga epuloni, n'kumunyamula mwanayo, n'kumubisa nkhope pachifuwa pake. Pakhonde, pafupi ndi chitseko, panali chikwama chachikulu cha zovala. Anali atalongedza ine ndisananyamuke n'komwe.

"Taonani zomwe mwachita," anatero mokweza kuti oyandikana nawo, omwe anali atayamba kusuzumira pamipanda, amve bwino. "Namwino wathunthu, osaganizira mwana? Alamu, musadandaule. Ine ndikhala konkuno mpaka mtima wa mwanayu ukhale pansi."

"Unadziwa," ndinatero. "Ndinakuuza kuti ndikubwera kuno, ndipo unadziwa."

"Ine ndinangokupatsani zomwe munapempha."

"Wamtali," ndinamuitana. "Sindimadziwa. Ukudziwa kuti sindimadziwa."

"Ndikudziwa," anatero osandiyang'ana. Maso ake anali pa mwana wake. "Pita kaye, a Nesi. Chotsa galimotoyi pano. Tidzakamba."

Ndinalowanso m'galimoto n'kuiliza. Injini itangolira, Gulugufe anadzikoka m'manja mwa mlamu uja, n'kudzagwira chitsulo cha kutsogolo kwa galimoto ndi manja onse awiri.

"Musaitengenso! Adadi, auzeni asaitengenso! Amami adzabwera pa chiyani?"

Ndinazimitsa. Ndinatuluka makiyi ali m'manja, osadziwa kolowera. Kupita nayo sindikanatha, mwana ali kutsogolo kwa matayala. Kukhala sindikanathanso, pakuti pakhomopo panalibe amene ankandifuna.

Mlamu uja anabwera pafupi, n'kutambasula dzanja lake la zikhadabo zofiira.

"Ndipatseni. Ndi ya kwathu. Ndiilowetsa m'kati."

Ndinayang'ana Wamtali. Anali atagwada m'fumbi, akumasula zala za mwana wake pachitsulo chija chimodzichimodzi. Ndinadikira kuti anene mawu amodzi okha, kuti ayi, makiyiwo ndi a Nesi, kapena kuti ima kaye, usapite. Anadzutsa mutu, maso athu anakumana, ndipo nthawi imeneyi ankandiona ine ndithu.

"M'patse," anatero.